Nsalu yoyera ya m'bokosi la apongozi

Ine kusoka ndinakulira momwemo, ndipo matama a kusokako ndi amene anatsala pang'ono kundibwezera kwathu chaka choyamba cha banja langa.

Bambo anga anali telala wa pakhonde la golosale ku Benga. Anafe tinkatola tizidutswa ta nsalu pansi pa makina awo, ndipo amayi anandiphunzitsa kulumikiza aka ndi aka mpaka chituluke chinsalu chachikulu cha zigamba. Pakati umaikapo bulangete lakutha, kunsi nsalu ina yosalala, kenako n'kumabaya zitatu zonsezo ndi singano pamanja, mzere ndi mzere, kuti zigwirane. Ukafunda chimenecho, mwera uwombe mmene ungawombere, iwe tulo basi.

Nditakwatiwa ku boma ndinalowa m'banja la Chisilamu, nanenso ndinasilimuka. Mapemphero a swala ndinkaphunzira, mawu a duwa opemphera kwa Mulungu ndinkaloweza, koma zambiri sindinkazidziwa, ndipo kufunsa ndinkachita nako manyazi. Tinkakhala mpanda umodzi ndi apongozi anga, mayi awo a amuna anga, omwe anali amasiye. Sanandinyozepo mayi aja, komanso sanandiyamikirepo. Ndiphike mpunga wa nsinjiro wonunkhira mpaka kumsewu, iwo ankangoti, "Tadya." Ndisese bwalo lonse mpaka kuseri kwa bafa, iwo duu. Ine ndine wolongolola, munthu wosayankha amandidwalitsa mutu. Choipitsitsa, ankanditchula kuti "a ku Benga", ngati ndangobwera kudzagulitsa chinangwa ndipo ndibwerera masana omwewo. Ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha atanena kuti "mwana wanga".

Mvula itatha anandiitana kuchipinda kwawo n'kundilozera bokosi lachitsulo lomwe linali kunsi kwa bedi.

"A ku Benga, tulutsani zovala izi zione dzuwa, njenjete zanditha. Zomwe zili zakutha mutenge, mukasokere zigamba zanu zija."

Iwo anapita kumunda kukaona mpunga. Ine ndinakhuthula bokosi lonse. Munali zitenje zakalekale, zina zong'ambika, zina zosuluka, koma maluwa ake okongola oti masiku ano sungawapeze pamsika. Pansi penipeni panali nsalu yoyera ya bafuta, yaitali zedi, yopindidwa bwinobwino, m'mapindiro mwake itayamba kuchita chikasu. Ndinaiyang'ana n'kunena mumtima kuti, taonani akuluakulu, nsalu yabwino chonchi ikungoola, eni ake akugona ndi kabulangete kobooka! Pompo nzeru zinandibwerera. Ndiwasokera chofunda choti aliyense wolowa m'nyumba muno azifunsa kuti wasoka ndani.

Sindinafunse munthu. Ndikanafunsa bwanji, pomwe ndinkafuna kuwadzidzimutsa? Ndinayeza bafuta uja ndi mkono, sizasi n'kulowa, khwee! Yotsala ndinasoka zovala za mapilo ziwiri, inanso n'kupachika pakhomo la kuchipinda kwathu ngati katani. Ndinkaona ngati ndine mkazi wosamala kwambiri.

Miyezi iwiri ndinkasoka mobisa, masana apongozi akapita kumunda kapena kumaliro. Zala zinabooka, msana unauma. Amuna anga ankandiseka kuti ndakwatiwa ndi singano. Koma chinatuluka chinthu, abale! Pakati ndinaikapo chitenje chobiriwira cha mbalame, m'mbali mozungulira tizigamba tofiira ndi tachikasu.

Ndinachipereka m'mawa wina wa mu Juni, mwera utayamba. Apongozi anali pakhonde akuothera dzuwa, pamodzi ndi alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, omwe anabwera kudzacheza. Ndinagwada n'kuchiyala pamiyendo pawo. Anachisisita pang'onopang'ono.

"Ichi ndinavala tsiku la nikahi, pomanga ukwati wanga," anatero akuloza cha mbalame chija. "Ichi ndinaberekera mwamuna wanuyo."

Anamwetulira. Kwa nthawi yoyamba ndinaona kuti ali ndi mpata pakati pa mano. Mtima wanga unavina. Kenako anachitembenuza kuti aone kunsi, ndipo dzanja lawo linaima.

"Iyi mwaitenga kuti?"

"M'bokosi muja, Amayi. Pansi penipeni. Inangokhala."

Alamu anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. "Subuhanallah! Alamu, mwadula sanda ya amayi?"

Mawu akuti sanda ndinali nditawamvapo, kuti ndi nsalu yoyera yokulungira maliro. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti akuluakulu ena amagula yawo akadali moyo n'kuisunga. Kwathu ku Benga, m'banja lathu la Chikhristu, munthu wosunga nsalu ya maliro ake tikanamuthira pemphero.

"Yotsala ili kuti?" anafunsa alamu.

"Mapilo," ndinayankha motsitsa mawu. "Ndi katani."

"Katani!" Anagwira m'mutu. "Inu mukudziwa kuti nsalu imeneyi anagula ndi malemu bambo? Anagula ziwiri tsiku limodzi, mpukutu umodzi. Yawo anapita nayo. Iyi amayi aisunga zaka zonsezi kuti adzawatsatire nayo."

Apongozi anapinda chofunda chija mosamala, n'kulowa nacho m'nyumba. Bola akanandikalipira. Bola akanandiponyera chikho.

Madzulo ake amuna anga anabwera ndi bafuta watsopano, ndipo ine ndinakamupereka chogwada, misozi ili chuchuchu. Analandira ndi manja awiri.

"Zikomo," anatero. "Koma si imene anagwira manja a malemu."

Masiku atatu anadutsa osandilankhula. Katani uja ndinamutsitsa, mapilo ndinavula, zonse ndinachapa n'kukaika pakhomo pawo. Ndinalongedza ngakhale kachikwama kanga, chifukwa ndinkaona kuti pakhomo pomwe ndadula sanda ya mwini wake sindingakhalenso. Amuna anga ankangoti ndidikire. Ndinawakalipira kuti kudikira n'kosavuta kwa munthu amene sanagwire sizasi.

Tsiku lachinayi kunacha ndi mwera woopsa, wothothola masamba a mango. Ndinatenga tiyi n'kukagogoda kuchipinda kwawo. Ndinawapeza atakhala pabedi, atamaliza swala, atadzikulunga ndi chofunda chija mpaka m'khosi, mbali yoyera ili mkati.

"Ikani apo," anatero. Ndinaika. "Khalani." Ndinakhala pansi.

"A ku Benga, masiku atatu ndakhala ndikukangana ndi malemu mumtima. Iwo anagula nsaluyi kuti idzandifunde. Koma tsiku sanatchule." Anakoka chofunda chija n'kuchibweretsa pamphuno. "Ndikatsegula bokosi lija ndinkaiopa. Sindinkadziwa kuti ndi yofunda chonchi."

Ndinalira mokweza ngati mwana. Iwo anandisiya ndilire, kenako anandionetsa pangodya.

"Koma msoko uwu wakhota. Bambo anu ndi telala zoona?"

Kuyambira pamenepo tinkasoka limodzi pakhonde. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, ndiye ine ndinkawalowetsera ulusi pasingano, iwo n'kumasankha mitundu. Ankakana zofiira kugundana ndi zofiira, ndipo tinkakangana zenizeni. Mdzukulu aliyense wobadwa pakhomo paja anafunda zigamba zathu. Alendo akabwera ankawaonetsa chofunda chawo n'kunena kuti, "Ine ndimagona m'sanda yanga, anandisokera ndi a ku Benga awa," anthu n'kusowa koyang'ana. Dzina lija silinasinthe. Ndinafika polizolowera, mwinanso kulikonda.

Anafunda chofunda chija nyengo zozizira zisanu ndi zinayi. Ya khumi isanafike anadwala, chakudya n'kumakana. Masana ena ndikuwamwetsa phala anandigwira dzanja.

"Tengani sizasi yanu ija."

Ndinadziwa chomwe ankatanthauza, koma ndinachita ngati sindinamve.

"Munasoka ndinu, musomolenso ndinu. Nsalu yoyerayo muichape, idzakhale ya mkati, yogunda thupi. Ija anagula mwamuna wanu idzakhale ya kunja." Anandiyang'ana kumaso. "Musalire apa, mwana wanga, munyowetsa nsalu."

Mawu omwe ndinawadikira zaka zonse zija anabwera tsiku lomwe sindinkawafuna n'komwe.

Ndinakhala pansi pambali pa bedi lawo n'kuyamba kudula ulusi, mzere ndi mzere, womwe ndinabaya ndekha. Iwo ankandiyang'ana, atafunda bulangete wamba. Bafuta uja anatuluka wofewa, wodzaza timabowo ta singano. Ndinamuchapa, ndinamuyanika, ndinamusita. Patapita sabata, amayi osambitsa maliro anandiitana kuti ndibwere nayo nsalu ija, ndipo ndinaipereka ndi manja anga.

Zigamba za pamwamba zija ndili nazo mpaka lero, cha mbalame chili pakati. Ana anga amandiuza kuti ndigule nsalu ina ndiike kunsi, chofunda chisamangokhala m'bokosi. Bafuta ali mbwee pamsika, singano ndili nayo, maso akuonabe. Ndimangowayankha kuti ndidzaika.