Apu Yathu Ilibe Potulukira

Lachinayi, sabata yachisanu ya teremu yachiwiri. Ndinadzuka mtima ukuwawa, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa ngakhale sindinkafuna kuchivomera.

Ku kalabu ya makompyuta kusukulu kwathu takhala tikupanga apu ya pafoni yothandiza kukonzekera mayeso a Fomu 4. Mafunso onse a Bayoloje ndi Jogalafe ndinalowetsa ndine, limodzilimodzi, pa kompyuta ya sukulu yomwe imazima magetsi akangophethira. Teremu ino kunabwera mtsikana wochokera ku Lilongwe, mwana wa amanejala atsopano a pa esiteti ya tiyi. Ali ndi laputopu yakeyake. M'masabata awiri okha anaika polowera: munthu ukalemba dzina ndi pasiwedi, apu imakuzindikira, n'kukumbukira funso lomwe unalekezera ndi malikisi omwe wapeza. Lachiwiri Madamu oyang'anira kalabuyo anatiimiritsa tonse kuti timuombere m'manja. Anatinso pa tsiku la makolo munthu mmodzi yekha ndiye adzaime kutsogolo kuonetsa apuyo, ndipo ponena zimenezo maso awo sanali pa ine.

Ndinaomba nawo. Chondipweteka n'chakuti ntchito yakeyo ndi yabwinodi, ndipo iye alibe matama. Amandibwereka cholembera osadikira kuti ndipemphe. Akanakhala wamwano zikanandipepukira.

Dzulo ndinaika apuyo mu foni ya amayi, ndinalowa ndi dzina langa, n'kuyankha mafunso khumi onse molondola. Foni imeneyi kumalaini kuno, ku nyumba za antchito a pa esiteti, timaigwira anthu anayi: amayi akabwera kothyola tiyi, achemwali anga omwe akubwereza Fomu 4, ine, ndi mnzanga wa khomo loyandikana nafe. Lero nditaweruka ndinaitsegula. Dzina linali langa lomwe, koma ndinali pa funso lomwe sindinaliwonepo, malikisi atatsika mochititsa manyazi.

Achemwali ankachapa kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, mwagwira apu yanga?"

"Yako? Foniyi unagula ndiwe?"

"Mwandiwonongera malikisi."

"Ine ndangotsegula, iyo n'kundipatsa moni ndi dzina lako. Ndafunafuna poti ndikuchotsepo, palibe. Ndiye umafuna nditani, ndiipepese? Komanso za mitsinjezo walakwa ndi mnzako wa apayu, ine ndalakwa za mtima zokha."

Ndinakhala pakhonde n'kuyang'ana tsamba lililonse. Achemwali ankanena zoona. Polowera palipo, potulukira palibe. Apu imasunga zonse ngati kuti foni imodzi ndi munthu mmodzi. Mwana wa amanejala sanabwerekepo foni kwa munthu, ndiye zoti wina angaigwire iye atachoka sizinamufikire m'mutu. Ndipo Madamu ananena kale kuti pa tsiku la makolo foni imodzi idzayenda m'manja mwa alendo, aliyense ayese. Idzapatsa moni holo yonse ndi dzina la munthu woyamba.

Ndilembe zoona, popeza buku ili ndi langa: ndinasangalala. Popita kumpopi ndinadutsa m'kanjira ka m'munda wa tiyi ndikuona m'maganizo nkhope ya mtsikana uja anthu akuseka, Madamu akutembenuka kufunafuna wina woti akonze. Ndinkangoyenera kukhala chete masabata awiri basi, mpaka tsikulo lifike.

Pobwerera ndi ndowa kumutu ndinakumana ndi amayi akuchokera kusikelo yoyezera tiyi, dengu lili kumsana. Anandiuza kuti apempha kale kwa akapitawo kuti pa tsiku la makolo adzajombe.

"Ndikufuna ndidzaone mafunso akowo akutuluka pafoni," anatero. "Ndawauza kale anzanga onse a pa laini."

Anthu akadzaseka apuyo sadzasiyanitsa kuti apa anapanga uyu, apa anapanga uyo. Amayi adzakhala pa benchi pakati pa anzawo aja, atataya tsiku lathunthu la ntchito.

Ndatenga pepala n'kujambula batani lotulukira pamwamba, kudzanja lamanja. Ndalembanso kuti funso lolekezera ndi malikisi zisungidwe pansi pa dzina la munthu aliyense payekha, ndipo wina akatuluka tsamba liyere. Kulemba zimenezi mu kompyuta sindingathe ndekha. Mwana wa amanejala angathe.

Mawa ndinena. Koma sindikamunong'oneza pa buleki tili awiri, monga ndikudziwa kuti munthu wabwino akanachitira. Ndikakweza dzanja mu kalabu Madamu ali pomwepo, ndikaonetsa foni ya amayi ndi pepala langa, kenako ndikapempha kuti kutsogolo kuja tidzaime awiri.