Chitsulo cha Yohane

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale tulo tenitenito panalibe. Amayi a kwaya anali atatopa, ena akuodzera atatsamira khoma la siwa, amuna ali pamoto panja. Ndisanapite pabokosi ndinayamba ndazungulira kuseri, kukaona ngati kanyumba ka mdzukulu wanga Yohane kanali kokhomabe.

Ndi kanyumba kamatabwa, kofolera malata, kokhala pa matayala anayi. Ankameteramo anthu ndi kutchaja mafoni pamsika wa Kapondo. Pamalo pake pakale anakhoma chitsulo chachitali pansi n'kuchilumikiza ndi waya, kuti magetsi akasokonekera azithawira m'nthaka. M'chilimwe ankachithirira madzi m'mawa uliwonse. Ine ndinkamuseka: "Iwe, chitsulo kuchithirira ngati mpiru, tidzathyola liti?" Sabata yatha ogulitsa anasunthidwa kuti msewu ukonzedwe. Kanyumba kanakankhidwa, chitsulo chinatsala. Iye anati akachizula mawa. Mawa lakelo anangogwira lata la pachitseko, magetsi n'kumugwira. Atamwalira, anzake ndiwo anakankhira kanyumbako kuno kuopa akuba.

Kutacha, moto unayaka pa mafuwa, utsi n'kudzaza bwalo. Anthu anayamba kufika, a pansi, a kabaza, ena ochokera ku Zambia kwa bambo ake. Dzuwa linatentha msangamsanga. Ena ankalira maso ali pa kanyumba. Ndinawaona, ndipo nkhope zawo ndazisunga.

Kenako anyamata anabwera ndi zokuzira mawu. Ankafuna kukoka waya kuchokera kwa aphunzitsi kudzalowetsa m'kanyumbamo. Mwana wanga, malume ake a Yohane, anagwada pambali panga.

"Amayi, tipatseni kiyi kuti akatekisiti amveke."

"Wamakutu amva," ndinatero. Kiyi anali pamfundo ya chitenje changa, ndipo anakhala pomwepo.

Tikudikira bokosi kuti lituluke, mkazi wa Yohane anandinong'oneza, khanda lili kumsana. "Agogo, kumeta ndimatha, anandiphunzitsa. Kanyumba kakakhala kotseka, uyu adya chiyani?" Ndinangoyang'ana manja ake.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Fumbi linakwera, nyimbo ili patsogolo, ine pambuyo ndi ndodo yanga. Tinadutsa pamtengo wa mango pamene Yohane ankandikhazika pa mtondo n'kumandimeta imvi, akuti agogo asaoneke ngati chisa cha mpheta. Kumanda sindinamve zimene ankalankhula. Ndinkangomva kaluzu ka Yohane, kaja ankaimba akamabwera madzulo ndi kanyenya m'pepala.

Titabwerera kunyumba, anthu atayamba kubalalika, kunabwera bambo wachisilamu wa sitolo yoyandikana ndi pamalo pakale paja. Anali atanyamula chinthu chachitali chokulunga m'thumba, ndipo anali ndi mnzake wa chikwama cha zida. Atamasula, ndinachizindikira: chitsulo cha Yohane, dothi likadali kumapeto.

"Mukufunapo chiyani?" ndinafunsa.

"Palibe, agogo. Ankandimeta Lachinayi lililonse. Awa ndi amagetsi, aone kaye kanyumbaka."

Ndinatsegula ndekha, ndipo ndinaima kumbuyo kwa wamagetsiyo mpaka anamaliza. Anatsata waya uliwonse ndi chala. Pakona anandionetsa wina wosupuka, wokhudza lata. Kanthu kakang'ono ngati chikhadabo. Anaudula n'kuika watsopano, anakhoma chitsulo pansi, anayeza ndi kamakina kake, n'kupukusa mutu.

"Nthaka yauma kwambiri, izithiriridwa. Ndipo kulikonse kumene mudzakaimike, chitsulo chiziyamba kulowa, magetsi pambuyo."

Ndinaitana mkazi wa Yohane kuti amve ndi makutu ake, ndipo ndinamuuza abwereze mawuwo pamaso panga. Atabwereza, ndinamasula mfundo n'kumupatsa kiyi.

Madzulo bwalo linatsala ndi phulusa ndi mapazi a anthu. Khanda linagona. M'ndowa munali madzi otsala kwa ophika. Ndinawanyamula kupita nawo kuseri, ndinathirira chitsulo pang'onopang'ono monga ankachitira mwini wake, ndipo ndinaima pomwepo mpaka nthaka inamwa onse.