Tinadya Mpunga wa Aphungu ku Balaka

Ntchito yotulutsa anthu m'nyumba sindinaifunsire, inandipeza ndili pansi pa firiji. Nthawi imeneyo ndinali nditasiya kabaza chifukwa mawondo anali atayamba kulira ngati chitseko cha khola, ndiye ndinkangokhala pa siteji ya Liwonde kudikira ganyu wotsitsa katundu. Tsiku lina inabwera pikapu itanyamula firiji. Anyamata akadali pa mkangano wa mtengo, ine ndinangoibereka n'kuitula pansi. Bambo wina wamimba, wovala tayi kunja kukutentha chonchija, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Madala, msana umenewu ukungowonongeka pa siteji pano. Mumaopa kutukwanidwa?"

"Bwana, ndine wokwatira," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundilemba ntchito pomwepo.

Amenewo anali a Chikaonda. Anali ndi kakampani kogwira ntchito za mabanki. Munthu akakongola ndalama n'kupereka nyumba ngati chikole, kenako n'kulephera kubweza, banki imapita kukhoti, ndipo khoti limatulutsa chikalata. Koma chikalata chilibe manja. Manja ake tinali ife. Anthu ankatitcha masherifu, pomwe ife tinali onyamula chabe. Ine sukulu inandithera sitandade faifi, ndipo pa chikalatapo ndinkangozindikira chidindo.

Inu amene mumaganiza kuti ntchitoyi n'kungogenda katundu panja, khalani pansi ndikuphunzitseni. Zida zathu zinali kolobala yotsegulira zitseko zokanika, nyundo, sipanala yomasulira mabedi, zingwe, lona yofunditsa katundu kukagwa mvula, ndi maloko atsopano. Woyamba kulowa amapita kukhitchini kukasonkhanitsa mipeni, nkhwangwa ndi zikwanje, chifukwa munthu wolandidwa nyumba sadziwika chimene angachite. Kenako timayamba chipinda chakumapeto kubwera kutsogolo, kuti mwini nyumba asapeze pobwerera. Zosachedwa kusweka timanyamula awiriawiri. Komalizira n'kuchotsa loko wakale, kuika wathu, makiyi n'kupereka kwa bwana.

Panalinso njira yofikira pakhomo. Lole sinkapita koyamba, chifukwa mudzi ukaona lole umasonkhana ndi miyala. Inkatsalira kumbuyo pamodzi ndi anyamata, wapolisi ndi mkulu wa kukhoti. Kutsogolo kunkapita kagalimoto ka a Chikaonda kukaona mmene mphepo ikuwombera, ndipo ankanditenga ine. Anandigulira jekete yapakaunjika, yakuda bii. "Imvi zanuzi zimaziziritsa anthu, mjomba," ankatero. Ndikaivala jeketeyo, ngakhale akazi anga ankandiyankha mwaulemu.

Chaka chimene ndikunenachi wailesi inadzaza ndi nkhani ya mabanki. Anthu ambiri ankadandaula kuti ngongole za nyumba sizikutha, ukamabweza m'pamene zikukula. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo anaitana akuluakulu a mabanki kuti akafotokoze, kenako komiti yawo inabwera ku Liwonde kudzamva madandaulo. Wailesi inanenanso kuti ena mwa odandaulawo awayendera m'makomo mwawo.

Madzulo ena a Chikaonda anandiuza kuti, "Mawa tili ku Balaka, kwa a Mulekano. Banki ikuti titseke nyumbayo olemekezeka asanafikeko, chifukwa akafika ndi makamera awo zivuta. Tilawirire. Olemekezeka sadzuka ndi tambala."

Tinawoloka Shire m'mawa, lole n'kuisiya pambuyo monga mwa masiku onse. Nyumba ya a Mulekano inali kunja kwa tauni pang'ono, yanjerwa zootcha, yamalata, kumbuyo kuli tizipinda ta lendi. Titangokhota, ndinaona kuti pabwalo pasesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka. Pansi pa mtengo wa mango panali mipando yapulasitiki yobwereka kutchalitchi. Amayi a mumphakati, aja amapemphera limodzi m'dera, anali atavala zitenje zofanana. Galimoto isanazime, nthungululu zinayamba.

Mayi Mulekano anabwera chothamanga n'kugwada pafupi ndi chitseko changa. "Takulandirani, olemekezeka! Mulungu wamva kulira kwathu."

Ndinacheukira a Chikaonda. Foni yawo inali pakhutu, nkhope itasintha. Ananditsina pantchafu n'kunong'ona, "Lole yaphulika tayala, ndipo lapadera lilibe mpweya. Wapolisi ali komweko. Tilipo awiri, anthu awa onani kuchuluka kwake. Mukangoyasamula, tifera pano."

Ndiye tinatsika. Anthu anayang'ana imvi zanga, anayang'ana jekete, basi nkhani inatha: wapampando wa komiti ndine. A Chikaonda, ndi mimba yawo yonse ija, anawatenga ngati mlembi wanga. Anandikhazika pa mpando wansalu umene anautulutsa kuchipinda chochezera. Pa moyo wanga wonse sindinakwezedwepo msanga chotero.

A Mulekano anali bambo wamtali, wowonda, amene anakalambira pa ntchito ya njanji. Anavala suti ya ukwati wa mwana wawo, chipewa chili m'manja. Anakana kukhala pansi. Mayi anandinong'oneza monyadira kuti, "Akhala akuyeserera mawuwa masiku onsewa, ngakhale kubafa."

"Olemekezeka," anayamba a Mulekano, "nditapuma ntchito ndinakongola ku banki kuti ndimalize nyumba iyi. Njerwa tinaumba tokha ndi mayi awa, banki inangothandiza malata ndi simenti. Penshoni yanga isanafike m'manja mwanga, iwo amakhala atatapamo kale. Zaka zapita, ine ndikuti tsopano ndamaliza, iwo akuti iyayi, mwangoyamba kumene. Ndafunsa, bwanji? Akuti chiwongoladzanja chinakwera. Munandiuza liti? Akuti tinalengeza m'nyuzi. Olemekezeka, ine nyuzi ndimaiona itakulunga usipa."

Amayi aja anaseka, ena anapukusa mitu.

"Akutinso pali chindapusa chobweza mochedwa. Ndati ndachedwa bwanji poti mumatapa nokha? Akuti ndi kompyuta. Ndati ndionetseni kompyutayo ndilankhule nayo, mwina ili ndi makolo. Anandiitanira mlonda. Chindapusacho nachonso chinayamba kubala ana ake. Ngongole yanga imaswana kuposa mbira."

Anapukuta pakamwa n'kupitiriza.

"Kalata ya kukhoti inabwera, sindibisa. Mwana wanga anati tipeze loya. Ine ndinati loya wa chiyani poti ndalembera aphungu? Malamulo amapangidwa kwa inu, khoti limangowagwiritsa ntchito. Mwana angapose bambo ake? Ndiye ndinadikira inu. Lero mwabwera."

Anandiyang'ana ine, kudikira yankho. Ine ndine munthu wapakamwa, ku Liwonde konse amandidziwa, ngakhale pamaliro ndimaseketsa adzukulu okumba manda. Koma tsiku limenelo ndinangocheukira kwa a Chikaonda. A Chikaonda anandiponda phazi n'kuyankha okha, "Bambo, zonse zamveka." Anthu anawomba m'manja.

Dzuwa litafika pamutu lole inali isanaoneke. Mayi Mulekano anabwera ndi beseni ndi jagi, anagwada, n'kundithira madzi m'manja. Anatiikira mpunga wonunkhira wa kwawo ku Mposa, umene anausunga kudikira alendowa, ndi nkhuku yachikuda. M'mbale mwanga munali nthutumba. Inu ana a masiku ano amene mumagula nkhuku yoduladula m'sitolo simudziwa: nthutumba imapita kwa mlendo wolemekezeka kuposa onse, ndipo kuikana n'kutukwana mwini khomo. Ndinaitafuna maso onse ali pa ine. Inali yofewa bwino, koma inatsika ngati mwala wa pa njanji.

Ndili pakati pa mbale, ndinamva kulira kwa injini imene ndinkaidziwa bwino. Lole inakhota pachipata, anyamata ali pamwamba ndi kolobala ndi zingwe, wapolisi ali kutsogolo. Mmodzi wa anyamatawo, wopanda nzeru ngati bondo langa, anakuwa, "Mjomba! Mwayamba kudya osatidikira?"

Mkulu wa kukhoti anatsika n'kuwerenga chikalata chake mokweza. A Mulekano anamvetsera mpaka kumapeto chipewa chili m'manja. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu si aphungu?"

"Iyayi, bambo."

"Nanga ndinu ndani?"

"Wonyamula katundu."

Ndinafuna kudzuka, koma Mayi Mulekano anandigwira paphewa. Sanakuwe, sanalire. "Malizani kaye kudya, achimwene," anatero. "Mbaleyo ituluke yotsuka."

Achinyamata a m'deralo anali atayamba kutola zidutswa za njerwa. Wapolisi anagwira mfuti yake bwinobwino, ndipo ndinaona kuti pakhala maliro. Amene anatipulumutsa ndi a Mulekano omwewo. Anakweza dzanja. "Tayani zimenezo. Anthu awa ndi alendo anga, adya pakhomo panga. Palibe wokhetsa magazi pabwalo pano." Njerwa zinagwa pansi imodziimodzi.

Ndinavula jekete n'kuyamba ntchito. Ndinalowa kukhitchini kukatenga mipeni, umodzi ukadali ndi nthenga. Tinamasula bedi, tinatulutsa kabati, makina osokera a mayi, zithunzi za ana, mtanda wapakhoma. A lendi akumbuyo nawonso anatulutsidwa, ngakhale analibe ngongole ndi munthu. Amayi a mumphakati anasanja mipando yawo pamitu n'kuibweza kutchalitchi mwakachetechete. Tsiku limenelo palibe anatitukwana, ndipo ndikukuuzani, kutukwanidwa kuli bwino.

Ndikumangitsa loko watsopano pachitseko chakutsogolo, kunabwera magalimoto akuluakulu akuda, fumbi kobo. Aphungu enieni. Anatsika ndi atolankhani awo, ndipo amene ankawatsogolera anali mayi wina wamagalasi. Ataona katundu pabwalo anakwiya zenizeni, osati zoonetsera.

"Imitsani zimenezi! Nkhani ya bambo awa ili m'manja mwa komiti."

A Chikaonda anagwira m'manja mwaulemu. "Olemekezeka, ife tatumidwa ndi chikalata cha khoti. Mukatipatsa chiletso cha khoti, titsegula pompano, katundu tibweza tokha."

Mayiwo anaimba foni uku ndi uku, akuzungulira mtengo wa mango. Anaimbira ku banki, anaimbira loya wina, anaimbiranso wina. Aliyense ankawauza chimodzimodzi: chiletso chimatengedwa kukhoti, ndipo chimatengedwa loko asanalowe. Pomaliza anapita kwa a Mulekano, amene anakhala pa matiresi awo pakati pa bwalo, n'kunjuta pafupi nawo.

"Bambo, pepani tachedwa. Tiuzeni zonse kuyambira pachiyambi. Mawu anu akathandiza kuti mabanki ayankhe."

A Mulekano analoza ine ndi chipewa.

"Ndanena kale, mayi. Ndawauza awo. Mpunga watha, mawu athanso."

Anawanyengerera, mtolankhani anawabweretsera maikolofoni pakamwa, koma sanalankhulenso. Aphungu anajambulitsa chitseko chokhoma, analemba zolemba zawo, n'kupita kukhomo lina. Dzuwa likupendeka tinakweza katundu wa banjali mu lole, chifukwa a Chikaonda anavomera kuti tiwaperekeze ku Mposa, kwawo kwa mayi. Munthu amene anamanga nyumba yakeyake ku Balaka anakatsika pakhomo pa alamu ake ngati mkamwini wongobwera kumene, mutu uli mbuu. Njira yonse anakhala kumbuyo pamwamba pa katundu, anakana kukhala kutsogolo ndi ife.

Nyumba inagulitsidwa pa okushoni mvula isanagwe. Patapita nthawi ndinamva kwa mwana wa a Mulekano kuti banki ija, itapanikizidwa ndi mafunso a aphungu, inavomera kuti inawawerengera mopyola, ndipo inabweza kenakake. Koma nyumba inali ndi mwini wina, atapaka kale penti wake ndi kumanga mpanda. A Mulekano sanabwererenso ku Balaka. Anawaika ku Mposa komweko.

Ndiye inu amene muli ndi nyumba yapachikole, mverani nkhalamba yosaphunzira. Aphungu adandaulireni, amathandiza amene akubwera m'mbuyo mwanu. Koma kalata ya khoti ikafika, thamangirani kukhoti tsiku lomwelo, ngakhale mugulitse mbuzi kuti mupeze loya. Lole siimva za komiti.

Ine ntchitoyo ndinaigwirabe mpaka msana unakana, pakuti ana ankafuna kudya. Koma ndinasintha kafikidwe. Galimoto ikangoima, ndinkatsika n'kukuwa ndili pachipata, "Odi kuno! Musayale mkeka, musaphe nkhuku, ndife a banki!" A Chikaonda ankanyansidwa nazo kwambiri, ankati ndikuwononga njira yawo. Ku Nselema ndinalandira mwala pachipumi chifukwa cha kukuwako, chipsera chake ndi ichi. Mwala bola, umapola.