Mipindiro Itatu ya a Telala

A Telala akhala pakhonde loyang'anana ndi geti la sukulu zaka makumi awiri ndi ziwiri, akusoka yunifolomu. Kasokedwe kawo nkodziwika: diresi lililonse amaliikira mipindiro itatu. Mwana akatalika, amabwera kudzamasulitsa umodzi, iwo nkuchonga m'kope la miyezo pafupi ndi dzina lake.

Tsiku lina kunabwera mayi wa kafukufuku. Anati akuluakulu a maphunziro akufuna kudziwa ngati lamulo lokakamiza yunifolomu likuthandiza ana kapena likuwathamangitsa. Kaundula wa kusukulu ankangoti "wasiya", osanena chifukwa, ndiye aphunzitsi ena anamulozera pakhondepo.

A Telala anamuuza kuti abwerenso mawa. Kunyumba, akazi awo sanazungulire: lamulolo likachoka, makina aja adzasoka chiyani?

"Bambo a ana, mukufuna kudzicheka ndi sizasi yanu yomwe? Kope limenelo nenani kuti linadyedwa ndi chiswe."

Iwo anangoseka, nati chiswe chake chingakhale chophunzira kwambiri.

M'mawa, mayiyo atabwera, a Telala anatsegula kopelo pamwamba pa makina. Pa madiresi makumi anayi a chaka chimodzi, makumi atatu ndi limodzi anabwera kudzamasulidwa mpindiro woyamba. Ofika wachitatu anali khumi ndi asanu ndi awiri okha. Ana enawo a Telala ankawadziwa mmodzimmodzi. Uyu diresi linapsa ndi ayironi, uyu linabedwa pachingwe, awa anasiyira ang'ono awo. Ambiri anabwezedwa pageti kawiri katatu posowa yunifolomu, iwo akuona, mpaka anatopa nkusiya sukulu.

Mayiyo anafunsa ngati akudziwa kuti mawu awowo angawaphere ntchito.

"Ndikudziwa, mayi. Koma mipindiro imeneyi ndinaisoka kuti idzamasulidwe."

Patapita chaka, lamulo linachotsedwa. Osoketsa yunifolomu anatsika ndi theka, ndipo akazi awo anakhala sabata yonse akuwaitana kuti "a Kafukufuku". Masiku ano a Telala amasoka zikwama za mabuku kuchokera ku zidutswa za nsalu, amaikanso zigamba ndi mazipi. Ndalama zake sizifika pa zakale, komabe makina sanagone.

Belu la m'mawa likalira, amaimitsa phazi nkuwerenga olowa pageti, ena a yunifolomu ya buluu, ena ovala zakunyumba. Dzulo kunadutsa mtsikana wamtali wa diresi lofiira, yemwe m'kope muja ali ndi chongi chimodzi chokha. Anawapatsa moni, nafunsa ngati chikwama chake chingakulitsidwe, poti mabuku achuluka.