Penti yamafuta pakhoma la saluni

Mlongo wanga wamng'ono anali ndi vuto limodzi pa luso lake: sankatha kujambula nkhope yopeka. Ankajambula mitu ya anthu pamakoma a malo ometera tsitsi kwathu ku Kanyama, ndipo ukamuuza kuti jambula munthu wometa bwino, mawa lake unkapeza pakhoma pali kondakitala wa minibasi amene aliyense amamudziwa, mpaka ndi chipsera cha pachipumi. Anali asanamalize n'komwe sekondale. Ine ndinali ndi kasaluni kanga pafupi ndi msika, ndipo ndinamupatsa khoma lam'mbali, loyang'ana njira, kuti asiye kundithera makatoni pojambulapo.

Nthawi imeneyo majanki, anyamata oyenda m'chigulu ndi zikwanje, anali atatenga njira yathu ngati munda wa bambo awo. Ankalanda mafoni dzuwa likuswa mtengo. Mtsikana wina amene ndinkamuluka anatuluka kukagula madzi mutu uli theka, n'kubwera magazi ali chuchuchu atamuzula ndolo. Tikapita kupolisi yapafupi, bwana wake, mkulu wina wachimimba ndi dzino lagolide, ankatiuza kuti galimoto ilibe mafuta. Koma tinkamuona kuseri kwa bala akusankha mafoni m'manja mwa mtsogoleri wa anyamata aja. Tonse tinkaona, ndipo tonse tinkayang'ana kumbali.

Mlongo wangayo ankakonda timabuku ta nthano zojambula, ta ngwazi zouluka, timene amagulitsa pansi m'tauni. Ankati ngwazi zimenezo sizingalimbe ku Kanyama, chinsalu chakumsana chija chingakokere matope. Yake inali mnyamata wasukulu wovala majombo, wobisa nkhope ndi chitenje cha amayi ake, wonyamula legeni basi. Adani ake anali awiri, ndipo mwadziwa kale nkhope zawo.

Awiriwo anawajambula ndi penti yamafuta, yodula ija, ataima kumapeto kwa khoma akupatsana foni. Mnyamata wa majombo ankamujambula ndi penti yamadzi, choko ndi makala, n'kumamufufuta Loweruka lililonse kuti nkhani ipitirire. Nditamufunsa chifukwa chake anaseka.

"Aba babili sibachoka, ba sisi. Nibapenta kamozi chabe. Uyu ndiye afunika kuyenda."

Anthu anayamba kudzadza. Loweruka m'mawa njira inkatsekeka ndi mawilibala, ana asukulu ndi amayi a tomato, onse kufuna kuona zimene wa majombo wachita sabata ino. Tsiku lina wagwetsera wakuba m'ngalande, tsiku lina wathira mchenga mumbale ya bwana. Anthu ankaseka mpaka kugwirana mapewa. Nanenso ndinkaseka, ndipo ndinkanyada, makasitomala n'kumachuluka.

Mtsogoleri wa majanki anabwera kudzadziona. Anangopendeketsa mutu n'kunena kuti, "Iwe mufana, manja yanga yachepa. Faka nyama." Chitsiru chija chinasangalala kuti chatchuka.

Bwana wapolisi ndiye sanaseke. Anafika masana, pagalimoto ija yopanda mafuta, n'kumugwira mwanayo lamba kumbuyo ngati mbuzi. Anamununkhiza zala n'kulengeza kuti akununkha thina, ndiye kuti ndi janki wokoka mankhwala. Munthu wopenta angaleke bwanji kununkha thina wosungunulira penti? Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Anthu onse aja a Loweruka analipo, ena ali pakhomo la saluni yanga penipeni, koma aliyense mwadzidzidzi anapeza chochita pafoni yake.

Ndinalondola galimotoyo wapansi, chipeso chili m'manja. Bwanayo anandilandira akutokosa m'mano.

"Ba bwana, uja ni mwana wa sukulu. Alibe mulandu," ndinatero.

"Mami, ine sinikonda vokamba-kamba. Chipupa chikayera, mufana azachoka."

Anali atamutsekera m'chitolokosi chimodzi ndi anyamata awiri a gulu lija, amene ankalowa ndi kutuluka mmenemo ngati kwa azakhali awo. Ndinamumva akundiitana mkatimo. Sindinaganize kawiri. Ndinathamangira kuhadiweya, ndinagula laimu, ndinasungunula m'chidebe chotsukira tsitsi, n'kupaka khoma lonse ndi tsache. Laimu anandidya m'manja. Mayi wina wogulitsa makala anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti, "Mwachita bwino, nayenso anachilamo," kutanthauza kuti mwanayo anaonjeza. Mayi yemweyo ndiye ankafika woyamba Loweruka lililonse ndi kampando kake. Mpaka lero sindigula makala ake, bola ndiyende mtunda.

Anamutulutsa mawa lake. Dzanja lamanja linali litatupa ngati chinangwa. Sananene kuti anamuponda ndani, kaya majanki kaya apolisi, ndipo ine ndinasiya kufunsa chifukwa sindinkaonanso kusiyana kwake. Kuchipatala anamanga, koma zala ziwiri zinapola zili zokhota. Supuni amagwira. Burashi imamugwa. Anayesa kamodzi kujambula mutu pakatoni ine ndikuyang'ana pagalasi, mzere unapita kwina, ndipo anapinda katoniyo bwinobwino n'kukaiika pamulu wa zinyalala. Sukulu anasiya. Anayamba kukankha wilibala kumsika, ntchito yosafuna zala.

Anthu ankandiuza kuti ndithokoze Mulungu watuluka wamoyo. Ndinkathokoza, inde, koma ndinkafunanso kuwafunsa kuti kodi n'zokhazo zimene tikuyenera ife a m'komboni, kutuluka amoyo?

Kenako mvula inabwera, ndipo amene amaidziwa Kanyama akudziwa kuti kwathu mvula siigwa, imasamukira. Madzi anafika m'maondo, mphepo ikuwomba khoma lija masiku angapo. Nditapita kukatsegula saluni ndinapeza anthu ataima m'madzi akuyang'ana khoma. Laimu yense anali atasuluka. Anasuluka pamodzi ndi penti yamadzi, choko ndi makala, moti pa mnyamata wa majombo sipanatsale ngakhale chidendene. Koma awiri aja anali mbee, otsukidwa bwino, dzino lagolide likuwala, akupatsana foni.

Mlongo wanga anatulukira akukankha wilibala ya kabichi, atavala majombo ake. Anaima, n'kuyang'ana khomalo nthawi yaitali. Ndinamuuza kuti ndigula penti yamafuta, amujambulenso mnyamata ujayu ngakhale ndi dzanja lamanzere, ngakhale atuluke wopindika, ndipo ulendo uno akafuna kumanga munthu adzamange ine.

Anapukusa mutu.

"Chisiyeni, ba sisi. Manje ndiye chili bwino. Ni mwamene vilili."

Anagwira wilibala ndi zala zake zokhotazo n'kupitirira, madzi akugawikana kutsogolo kwa tayala.

Bwana uja anadzasamutsidwa, akuti anakwezedwa. Khomalo sindinalipakenso laimu, ndipo sindidzalipaka. Makasitomala atsopano amandifunsa kuti pakati ponsepo, poyera paja, panali chiyani. Ndimawauza kuti panali mlongo wanga.