Matekenya a Rozita

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali mu kinta kalasi, kalasi yachisanu, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Ntengo-Wambalame. Pamsika panali baraka ina, yonga kagolosale, yomwe mwiniwake anaikamo kanema woyendera sola, ndipo Loweruka masana ankationetsa maboneko, zithunzi zojambula pamanja za ku Japani zolankhula Chipwitikizi. M'katimo munkanunkha thukuta ndi mbatatesi yokazinga. Tinkakhala pa matumba, mawondo atagundana.

Mu maboneko amenewo munali mnyamata wina wonyamula lupanga. Dzina lake lenileni linkatilaka kutchula, choncho tinangomupatsa la Chisoso, poti tsitsi lake linkaima ngati njere za chisoso. Ine ankandinyansa kwabasi. Ankadzitama kuti saopa kanthu, koma akamusiya yekha ankalira mpaka mamina kutsikira m'kamwa. Ankalumbira kuti amadana ndi bodza, tsiku lomwelo n'kunama. Anali ndi mnzake wofooka amene ankamubereka kumsana akatopa panjira, koma akafika pagulu ankamutukwana kuti ndi katundu wolemetsa. Ine ndinkafuna munthu akhale mbali imodzi, wabwino kapena woipa, osati phala la zonse ziwiri.

Mnzanga Rozita ndiye ankamukonda. Rozita tinkayandikana nyumba, ndipo analibe nsapato ngakhale shinelo, masilipasi wamba aja. Kwawo ankagona pafupi ndi khola la nkhumba, motero matekenya sankamutha m'mapazi. Mayi ake anali ndi vuto la maso, ndiye ntchito yozula matekenyawo inali yanga. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tinkapita kuseri kwa nkhokwe yathu, iye n'kuika phazi pamwendo panga, ine n'kutenga phini. Ndinkatumbula khungu pang'onopang'ono mpaka kathumba koyera ka mazira katuluke kathunthu. Kakaphulika, mafinya ankandiyenderera m'zala, fungo lake ngati nyemba zogona. Ndikatha ndinkathira palafini pabowopo, iye ataluma mlomo. Sindinamuuzepo kuti ndinkanyansidwa, ndiponso sindinamuuzepo kuti zinkandikomera kuona kuti popanda ine sangayende.

Chaka chimenecho m'kalasi mwathu munabwera atsikana atatu ochokera ku vila, tauni ya Tsangano, ana a anthu olembedwa ntchito. Ankavala nsapato ndi masokosi oyera. Kumbali ndinkawanena kuti ndi onyada opanda nzeru, koma ndinkawasungira malo pabenchi.

Tsiku lina apulofesora, aphunzitsi athu, anatiimika pamzere kuti aone ukhondo wa zikhadabo ndi mapazi. Atafika pa Rozita anangopukusa mutu n'kupitirira. Nthawi yopuma itakwana, atsikana aja anamuzungulira atagwira mphuno. Wamkulu mwa iwo anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati uyu sanali mnzanga amene ndinkabwera naye m'mawa uliwonse.

"Mnzanga ine? Munthu wa zala zowola?" ndinatero.

Ndikanalekera pomwepo mwina zikanapola. Koma atangoseka, ndinamva kukoma. Ndinayamba kuyenda motsimphina monga ankayendera Rozita. Ndinawafotokozera za timatumba ta mazira, za mafinya, za fungo, zinthu zimene ndinkazidziwa ndekha chifukwa iye anandikhulupirira n'kundipatsa phazi lake. Mtsikana mmodzi analavula pansi. Rozita sanalire. Anayang'ana mapazi ake, kenako anayang'ana ine, n'kukalowa m'kalasi.

Loweruka lotsatira anabwera ku baraka monga mwa masiku onse, koma anakhala pa thumba lina. Tsiku limenelo Chisoso anakumana ndi akatswiri a lupanga amene ankafuna kuti amulandire m'gulu lawo. Atamufunsa za mnzake wofooka uja, anati samudziwa, n'kumukankhira m'matope. Kenako anakabisala kuseri kwa mwala n'kumadzimenya makofi, akulira. Ine ndinalankhula mokweza kuti ana onse amve, ndinati munthu wotereyu ndi nyansi, bola chilombo chomwe chimadziwika kuti n'chilombo.

Tikutuluka, Rozita anandidikira pakhomo. Analankhula motsitsa, wopanda ukali.

"Ukudziwa chifukwa chake ndimamukonda Chisoso? Ali ngati iwe. Ndikamamuona ndimati mwina nawenso umakalira kuseri kwa mwala."

Ndinayenda mpaka kumunda wathu wa mbatatesi n'kukhala pamzere. Chimene chinandinyansa koposa n'chakuti ine sindinalire n'komwe. Sabata yonseyo ndinkadya bwino, ndikusangalala kuti atsikana a nsapato ayamba kunditchula dzina.

Lamulungu ndinatenga phini ndi palafini n'kupita kwawo. Ndinam'peza akudzizula yekha ndi munga, chala chikutuluka magazi. Ndinapepesa. Anandiyankha kuti ndinamunyoza pabwalo la sukulu, ndiye kupepesa kwa kuseri kwa nyumba sikungakwane. Ngati ndikunenadi zoona, ndikanene pamaso pa atsikana aja. Ndinalonjeza kuti nditero Lolemba. Lolemba linafika, ndinaima pafupi nawo, koma sindinapepese. Linadutsa Lolemba lina, kenako linanso. Mvula itayamba, banja la Rozita linasamukira cha ku Furankungo kukalima fodya, ndipo mawu aja sindinawanene mpaka lero.

Ndakula tsopano, ndipo ana a mchemwali wanga amaonera maboneko awoawo pa foni. Ndaona kuti ngwazi yopanda banga amaiombera m'manja n'kuiiwala, koma amene amakangana za iye mpaka pa chakudya ndi uja wodzitama koma wamantha, wachifundo koma wankhanza. Ndikumvetsa chifukwa chake. Zofooka za munthu siziyenda mogwirizana. Ine ndinkanyoza onyada uku ndikuwagwadira, ndinkasamala mnzanga uku ndikumuchitira manyazi, ndipo zonsezo zinali zoona nthawi imodzi. Rozita anaziona zonse n'kundisiyirabe khomo lotsegula kwa masabata atatu. Amene analephera kulowa ndine.