Mudzi Umene Ndinafufuta pa Mapu

Ntchito yanga ku Chipata inali yolowetsa mijigo ya ku Chipangali mu kompyuta: dzina la mudzi ndi kadontho kake pa mapu. Pulogalamuyo inali yachifundo. Ukalemba dzina molakwitsa, inkakupatsabe mudzi wofanana nalo, kuyambira wapafupi. Ndinkainyadira ngati ndinaibereka ndine. Vuto langa sinditha kukhazikika. Ndikaona mzere wobwerezedwa m'ndandanda, manja amandiyabwa.

Tsiku lina ndinapeza midzi iwiri ya dzina limodzi, madontho ake atayandikana. Dzinalo ndinkalidziwa, ndi kwa azakhali anga, ndipo mjigo kumeneko unalipo umodzi basi. Ndinatukwana mumtima anzathu oyeza malo kuti ulesi wawalembetsa kawiri, n'kufufuta umodzi. Sindinafunse munthu. Chonsecho ndinakulira komweko, ndimadziwa kuti abale akayambana ena amakamanga tsidya la dambo, dzina la mudzi n'kupita nalo, poti aliyense amati mwini dzina ndi iye.

Patapita miyezi kunabwera foni yoti mjigo wawonongeka. Okonza analemba dzinalo, kompyuta n'kuwalozera kadontho kotsalako. Anakapeza madzi akutuluka bwinobwino, anabwerako akudandaula mafuta. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anakaniratu, amvekere anthu amenewo ndi abodza, ine n'kuvomereza nawo, mokweza ndithu. Ndikakumbukira zimenezi manyazi amandigwira mpaka lero.

Kenako azakhali anatulukira okha pa ofesi, fumbi lili mbuu mpaka m'mawondo. Mpando anaukana. Anandiuza kuti anasamuka kalekale pamodzi ndi mabanja ena atakangana za minda, kuti mjigo wakufawo ndi wawo watsopano, kuti akumwera m'dambo limodzi ndi ng'ombe, ndipo mdzukulu wawo wagonekedwa kuchipatala ndi matenda otsegula m'mimba. Sanakalipe ayi. Anangopempha kuti ndiwaonetse mudzi wawo pa mapupo.

Ndinalemba dzinalo. Panatuluka kadontho kamodzi. Anawerama, n'kuyang'anitsitsa msewu ndi dambo.

"Apa ndi kwa alamu anga. Ife tili pati?"

Ndinati mwina makina analakwitsa.

"Makinawo sindiwadandaula, mwanangu, sanafikepo kwathu. Nanga iwe unafikako liti?"